Amsterdam sinabadwe ndi njira za njinga

Anzanga a kunyanja, mukamva kuti Amsterdam ndi mzinda wabwino kupalasamo njinga, musayese zinangogwa kumwamba. Mu 1971, anthu oposa 3,000 anafa pa ngozi za pamsewu ku Netherlands, mwa iwo ana oposa 400. Wanjinga ankapanikizana ndi galimoto msewu umodzi, ngati momwe wakabaza amachitira ndi malole pa Mangochi apa.

Makolo anakwiya. Anayambitsa gulu la Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana, n'kumatseka misewu, ana akusewera pa tala pomwepo. Mu 1973 mafuta anavuta, boma n'kuletsa magalimoto kuyenda Lamulungu. Misewu inangoti zii, anthu n'kuikonda choncho.

Kuyambira pamenepo makhonsolo analimbikira kumanga njira za njinga zokhazokha, zopatuka pomwe pamadutsa galimoto.