Mbiri ya Njira Yozindikirira Maselo a Chitetezo mu Ubongo Wotupa

Kwa zaka zambiri, akatswiri opima ziwalo za anthu omwalira ankaona pa maikulosikopu kuti maselo a chitetezo cha m'thupi aunjikana mozungulira mitsempha ya magazi mu ubongo wotupa, koma sankatha kuwasiyanitsa, chifukwa utoto wa nthawi imeneyo unkangoonetsa maonekedwe, pomwe maselo ogwira ntchito zosiyana amaoneka ofanana. Mu 1919, Pío del Río Hortega wa ku Spain adagwiritsa ntchito mankhwala a siliva poonetsa microglia, maselo okhala mu ubongo momwemo amene amachotsa zoonongeka, komabe maselo ochokera m'magazi adakhalabe osadziwika mitundu yawo.

Zinthu zidasintha mu 1941 pamene Albert Coons wa ku Harvard adalumikiza utoto wowala ku antibody, puloteni yopangidwa ndi thupi yomwe imakakamira chinthu chimodzi chokha, kotero kuti paliponse pamene idakakamira pa kachidutswa ka chiwalo pankawala. Mu 1966, Paul Nakane ndi Barry Pierce adaika peroxidase m'malo mwa utotowo, mankhwala amene amasiya chizindikiro chooneka ndi maikulosikopu wamba, ndipo mu 1975 Georges Köhler ndi César Milstein a ku Cambridge adapeza njira yopangira ma antibody ofanana ndendende ochuluka. Msonkhano wa ku Paris wa mu 1982 udakhazikitsa mayina a CD otchulira zizindikiro za pakhungu la selo, ndipo CD4 yodziwika pa nkhani za HIV ndi imodzi mwa izo.

Njirayi idaonetsa kuti m'zilonda za matenda a multiple sclerosis, omwe amaononga chokutira cha mitsempha ya ubongo, maselo okhala ndi chizindikiro cha CD8 amachuluka kuposa okhala ndi CD4, ngakhale kuti kafukufuku wa pa nyama ankaloza kwambiri a CD4. Ku Blantyre, kafukufuku wopima ana omwalira ndi malungo a mu ubongo, yemwe adatsogoleredwa ndi Terrie Taylor pa chipatala cha Queen Elizabeth kuyambira mu 1996, adasunga zidutswa zimene mu 2020 zidaonetsa maselo a CD8 ataunjikana m'mitsempha ya magazi ya ubongo, zomwe zidalimbikitsa ganizo loti chitetezo cha mwanayo chimathandizira kuononga ubongo pamodzi ndi tizilombo ta malungo.