Mbiri ya Milatho ya Lusaka, Mzinda Wopanda Mtsinje Waukulu

Ngakhale kuti Lusaka ili pamalo athyathyathya opanda mtsinje waukulu, mbiri yake siingalekanitsidwe ndi milatho, pakuti njanji imene inabala mzindawu mu 1905 inachokera kummwera podutsa pa mlatho wa pa mathithi a Victoria. Mlathowo, umene unamalizidwa m'chaka chomwecho, ndi wa uta, kutanthauza kuti thupi lake ndi lokhota ndipo limakankhira kulemera konse m'matanthwe a mbali ziwiri za phompho. Amisiri anaumanga chigawochigawo kuchokera tsidya lino ndi tsidya lija mpaka mbali ziwirizo zinakumana pakati, chifukwa kunali kosatheka kuimika mizati pansi pa phompholo. 

Mu Lusaka chopinga chinali njanji yomweyo. Mzindawu utalowa m'malo mwa Livingstone monga likulu la dziko mu 1935, maofesi a boma ndi nyumba zambiri zinamangidwa kummawa kwa njanji, pomwe masitolo anatsalira kumadzulo m'mbali mwa Cairo Road, choncho wochokera ku Kabwata, Woodlands kapena Kabulonga ankayenera kuoloka njanjiyo kuti alowe m'tauni. N'chifukwa chake kunadzamangidwa milatho pa Independence Avenue, Church Road ndi Great East Road. Popeza pamalo athyathyathya palibe magombe a thanthwe oti uta n'kutsamira, milatho ya mumzindawu imakhala pa zipilala.

Magalimoto atachuluka, chopinga chinasanduka mphambano za misewu, ndipo pakati pa 2018 ndi 2021 kampani ya ku India ya Afcons, pogwiritsa ntchito ngongole yochokera ku Exim Bank ya dzikolo, inamanga milatho inayi ya pamwamba pa misewu ku Makeni, Arcades, Longacres ndi Munali, womalizawu uli panjira ya ku Chelstone.

Mbiri imeneyi ikuphunzitsa kuti maonekedwe a mlatho amalamulidwa ndi malo amene waimapo, choncho Zambia iyenera kusula mainjiniya ake odziwa bwino nthaka yake, amene angasamalire milatho ilipoyi ndi kumanga ina.