Nthawi Yoweruka Inachokera Kuti?

Mzinda wa Blantyre unatenga dzina lake ku kamudzi ka ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, komwe kunali fakitale yopota thonje. David Livingstone, yemwe anabadwira kumeneko mu 1813, analowa m'fakitaleyo ali ndi zaka khumi zokha. Ntchito yake inali yolumikiza ulusi ukaduka pa makina. Ankayamba 6 koloko m'mawa n'kuweruka 8 koloko usiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndipo akaweruka ankakhalanso m'kalasi maola awiri. Kusukulu nkhaniyi tinaimva ngati chitsanzo cha khama. Ine ndikaiganiza masiku ano ndimaona mwana wa msinkhu wa sitandade 4 akuyendayenda pakati pa makina tsiku lathunthu, m'chipinda chotentha chodzaza fumbi la thonje, ndipo mtima umapita kwa anzake ambirimbiri aja amene sanadzakhale madokotala.

Makina asanabwere, ntchito inkayezedwa ndi dzuwa komanso ndime. Mlimi amalawirira kumunda kusanatenthe, dzuwa likafika paliwombo amakapuma pamthunzi. Dzinja amagwira mpaka msana kuwawa, koma akakolola pamabwera miyezi ya zinamwali, maukwati ndi maulendo. Fakitale inasokoneza zonsezi. Makina satopa, nyale za gasi zinachititsa kuti mdima usakhalenso chifukwa chosiyira ntchito, ndipo mwini fakitale amene wathira ndalama zambiri pa makina ankafuna kuti azingozungulira. Tsiku la ntchito linatalika mpaka pomwe thupi la munthu linkalekezera. Nthawi yoweruka, imene ife timaitenga ngati inalipo chikhalire, anthu anachita kuilimbirana, ena mpaka kutaya moyo.

Kumtunda kwa mtsinje womwewo wa Clyde, ku New Lanark, kunali mwini fakitale wamaganizo achilendo, Robert Owen. Mu 1817 iye ankalalikira kuti tsiku ligawidwe patatu: maola asanu ndi atatu a ntchito, ena otero a zofuna za munthu mwini, ena otero a tulo. Nyumba ya malamulo ya ku Britain inayenda mwaulesi. Mu 1833 inaletsa kulemba ana osakwana zaka 9 m'mafakitale a nsalu, n'kuika oyendera anayi okha dziko lonse. Mu 1847 inati amayi ndi achinyamata asapitirire maola khumi. Amisiri osema miyala a ku Melbourne, ku Australia, sanadikire lamulo: pa 21 Epulo 1856 anaika zida pansi n'kuguba mumzinda, ndipo anapatsidwa maola asanu ndi atatu malipiro osadulidwa. Ku America zinathera m'magazi. Pa 1 Meyi 1886 anthu zikwi mazanamazana ananyanyala ntchito pofuna maola omwewo. Patapita masiku atatu, pamsonkhano wa pa Haymarket ku Chicago, wina anaponya bomba kwa apolisi. Woponyayo sanadziwike, komabe atsogoleri anayi ananyongedwa mu Novembala 1887. Tchuthi cha pa 1 Meyi chinachokera kumeneko, ndipo chimene chimandidandaulitsa n'chakuti pa tsikuli timamva zambiri za malipiro, zomwe n'zoyenera, koma za maola, omwe anali mutu weniweni wa nkhani, sitizimva kawirikawiri.

Mu 1919, patatha zaka zoposa zana Owen atayamba kulankhula, bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linakhazikitsa pangano lake loyamba. Linali la maola: asanu ndi atatu pa tsiku, 48 pa sabata.

Pamene ku Ulaya ankakangana za maola, kuno ku Nyasaland mkangano unali pa masiku. M'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, anthu okhala pamalopo ankagwira thangata, mwezi umodzi wolipirira malo, wina wa msonkho wa nyumba. Mwezi sunkawerengedwa pa kalendala ayi, koma pa tikiti imene kapitawo ankachonga tsiku ndi tsiku. Munthu akalephera kutsiriza ndime imene wapatsidwa, tsikulo silinkachongedwa, ngakhale atakhala kuti wathyoka msana kuyambira mbandakucha. Motero mwezi unkatha kutalika mpaka masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa, munda wake wa mwini uli m'tchire. Madandaulo amenewa anamveka pamaso pa komiti yofufuza imene inakhala pambuyo pa kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915, momwe woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, anaphedwa. Sindikunena kuti kalaliki wa lero ali pa thangata. Kutero kungakhale kupeputsa masautso a makolo athu. Chimene ndikuona pa tikiti ija n'chakuti wogwira pensulo ndiye amasankha ntchito yoti iwerengedwe, ndipo ntchito yosawerengedwa imakula mosaletseka.

Nzeru yogwira ntchito mochenjera, imene lero timaiphunzira m'misonkhano ya m'mahotela, nayo ili ndi kholo lake. Frederick Winslow Taylor, injiniya wa ku America, ankaima ndi wotchi m'manja n'kumayeza kachitidwe kalikonse ka wantchito. Ku fakitale ya zitsulo ya Bethlehem, amuna ankanyamula zitsulo zolemera makilogalamu pafupifupi 42 chimodzi n'kumakweza m'mabogi a sitima, munthu mmodzi matani 12 ndi theka pa tsiku. Taylor anasankha mwamuna wamphamvu n'kumamuuza nthawi yonyamula, nthawi yoyenda, ngakhale nthawi yokhala pansi kupuma. Malinga ndi buku lake la mu 1911, The Principles of Scientific Management, mwamunayo anafika pa matani 47 pa tsiku, ndipo malipiro ake anakwera kuchoka pa dola 1.15 kufika pa 1.85. Taonani masamuwo bwinobwino. Ntchito inachuluka pafupifupi kanayi, malipiro sanafike n'kuwirikiza kawiri komwe, ndipo mwamunayo sanaweruke msanga ndi mphindi imodzi. Taylor mwiniwake analemba kuti mwa amuna asanu ndi atatu, mmodzi yekha ndiye akanapirira liwiro limenelo. Pali choona m'zimene anapeza: kupuma pa nthawi yake kumawonjezera mphamvu, ndipo njira yabwino imaposa kungokakamira. Funso limene iye analiyankha mokomera mwini fakitale ndi lakuti nthawi yopulumutsidwayo ipite kwa yani. Funsoli lidakalipo pa kompyuta iliyonse imene yatifupikitsira ntchito ya sabata kukhala ya tsiku limodzi.

Eni ntchito ena anaphunzira ndi m'thumba mwawo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, boma la Britain linakhazikitsa komiti mu 1915 yofufuza thanzi la opanga zipolopolo, amene ambiri ankagwira maola oposa 70 pa sabata, Lamulungu lomwe. Komitiyo inapeza kuti anthu otopa amapanga zochepa, ndipo inalangiza kuti azipuma tsiku limodzi pa sabata. Ku fakitale ya magalimoto ya Henry Ford, anthu ankathawa liwiro la makina moti mu 1913 kampani inalemba anthu oposa 50,000 kuti isunge malo pafupifupi 14,000. Chaka chotsatira Ford anakweza malipiro kufika pa madola asanu pa tsiku n'kudula maola kuchoka pa asanu ndi anayi kufika pa asanu ndi atatu, ndipo mu 1926 anayamba sabata ya masiku asanu.

Ine ndinayamba ukalaliki malire amenewa adakali olimba. Kalata inkalembedwa pamanja, n'kupita kwa mayi wa taipi, amene ankaika mapepala a kaboni kuti patuluke makope atatu. Bwana akasaina, mesenjala ankakwera njinga kupita nayo ku positi ofesi, ndipo yankho lochokera ku Mzuzu kapena ku Zomba tinkaliyembekezera sabata yamawa. Nkhani yachangu inkapita pa telegalamu, mawu ochita kuwerenga chifukwa lililonse linali ndalama. Kuchedwa kumeneko kunali ndi zoipa zake, ndipo sindikufuna kuti kubwerere: anthu ankavutika kudikira mafayilo otayika, odwala ankamva mochedwa. Koma kunali ndi mphatso imodzi. Kalata ikatuluka, nkhaniyo inkachoka m'mutu mwako kufikira yankho litabwera. Ndipo ikakwana nthawi yoweruka, mlonda ankakhoma chitseko mafayilo ali m'kati. Lamya inali ya pa desiki, yomangidwa ndi chingwe kukhoma. Bwana akakufuna usiku ankayenera kutumiza galimoto kunyumba kwako, ndipo chifukwa cha manyazi ndi mafuta, ankatero pokhapokha zitavutadi.

Uthenga woyamba wa imelo pakati pa makompyuta awiri anautumiza Ray Tomlinson mu 1971, koma chimene chinagwetsa chitseko chija ndi foni ya m'thumba. BlackBerry inatuluka mu 1999 n'kuika makalata a ku ofesi m'thumba la mabwana. WhatsApp inabwera mu 2009, ndipo patapita zaka zochepa inaika ofesi yonse m'thumba la aliyense, mpaka dalaivala ndi wophika tiyi. Lero gulu la WhatsApp la kuntchito siligona. Uthenga umakupeza mu minibasi, kutchalitchi, pamaliro uli pakati pa anamfedwa. Timizere tiwiri tija tikasanduka tabuluu, wotumiza wadziwa kuti waona, ndipo kukhala chete kumaoneka ngati mwano. Magetsi akathima masana, lipoti limalembedwa usiku akayaka, pa bandulo yogula ndi ndalama ya ndiwo. Kwa mayi wapantchito uthengawo umafika ali ndi mthiko m'manja, mwana akudikira kuthandizidwa homuweki. Palibe kaundula amene amalemba mphindi zimenezi.

Thupi lokha ndilo limalemba. Mu 1936, Hans Selye, dokotala wofufuza ku Montreal, anaona kuti makoswe ozunzidwa m'njira zosiyanasiyana, kaya ndi kuzizira, mankhwala kapena kuthamangitsidwa kosalekeza, ankadwala mofanana, mpaka zilonda za m'mimba. Thupi likaopsezedwa limadzikonzekeretsa kumenya kapena kuthawa: mtima umathamanga, magazi amakwera, tulo timachoka. Zimenezi zimapulumutsa ngati choopsacho chibwera n'kupita. Zikakhala za tsiku ndi tsiku, popanda nthawi yoti thupi libwerere m'malo, zimayamba kudya mwini wake, ngati chingwe cha pachitsime chimene chimaduka osati ndi ndowa imodzi yolemera koma ndi kukhuzika kosalekeza. Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi ILO analengeza kuti mu 2016 anthu 745,000 anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata, ndipo kuti munthu wotere ali pa chiopsezo cha sitiroko chokwera ndi 35 pa 100 poyerekeza ndi wogwira maola 35 mpaka 40. Tikamva kuti mnzathu wagwa ndi BP ali pa desiki, timasonkha ya chipepeso, koma sitifunsa kuti foni yake inkasiya kulira nthawi yanji.

Malangizo amene amaperekedwa masiku ano ndimawagwiritsa ntchito, ndipo amathandiza. Ntchito yofuna kuganiza ndimaiyamba m'mawa ndisanatsegule imelo. Makalata ndimawaona pa nthawi zoikika, osati pomwe afikira. Mabelu a mauthenga ndinawazimitsa, ndipo nkhomaliro ndimadyera kunja kwa ofesi. Koma ndimatha kutero chifukwa tsopano ndine wamkulu pa gawo langa. Mtsikana amene wangolembedwa kumene pa kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi, panja pali anzake mazana ofuna malo akewo, sangayerekeze kusayankha bwana 9 koloko usiku. Kumuuza kuti aphunzire kuugwira mtima n'kumusenzetsa yekha denga la nyumba yonse.

N'chifukwa chake maiko ena abwerera ku njira ya amisiri a ku Melbourne, yogwirizana onse pamodzi. Kumapeto kwa 2011 kampani ya Volkswagen ku Germany inagwirizana ndi oimira antchito kuti makina ake azisiya kutumiza maimelo ku mafoni a antchito ena pakapita mphindi 30 ataweruka, n'kuyambanso mphindi 30 asanalowe. Ku France, kuyambira pa 1 Januwale 2017, makampani a antchito 50 kapena kuposa amayenera kukambirana ndi antchito awo za ufulu wozimitsa foni. Australia inapereka ufulu wokana mauthenga a kunja kwa nthawi ya ntchito mu Ogasiti 2024.

Lamulo lathu la ntchito la mu 2000 limaika maola 48 pa sabata ndipo limalamula kuti opitirira apo alipidwe ngati ovataimu. Linalembedwa poganizira munthu amene amalowa pa geti n'kutuluka pa geti, ndipo mabungwe a antchito ali ndi chifukwa chokwanira chobweretsera nkhani ya foni pa tebulo la zokambirana. Pa gawo lathu sitinadikire. Tinakhala pansi n'kugwirizana kuti uthenga wotumizidwa pa gulu ikadutsa 6 koloko madzulo ndi wa mawa, ndipo palibe amene adzafunsidwe chifukwa chosauyankha. Chinthu chikavutadi, timaimba foni kwa munthu mmodzi amene ali pa ndandanda sabata imeneyo, ndipo maola ake amalembedwa m'buku n'kubwezedwa ngati tchuthi. Amene ndinavutika kwambiri kuzolowera ndine, chifukwa maganizo a ntchito amandibwerera usiku. Tsopano ndimawalemba n'kuika kuti imeloyo inyamuke yokha 8 koloko m'mawa. Malipoti a kumapeto kwa mwezi akutulukabe pa tsiku lake.