Chikalata chomangira wangongole

Chikalata chomangira wangongole ndi chilolezo cholembedwa ndi khoti choti munthu amene wagamulidwa kuti abweze ngongole agwidwe ndi kukaonekera pamaso pa woweruza ngati wanyozera lamulo la khotilo.

Maziko ake: Gawo 19(6)(c) la Malamulo Aakulu a dziko la Malawi a 1994 limaletsa kutsekera munthu m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa pangano. Gawo 11 la pangano la United Nations la 1966 la ufulu wa nzika ndi wa zandale likunenanso zomwezo. Choncho chomangitsa munthu si umphawi, koma kukana dala kumvera khoti.

Ndondomeko yake: Wangongole amayamba walandira chisamani ndi kuuzidwa kuchuluka kwa ngongoleyo. Khoti limamufunsa za chuma chake, ndipo likhoza kulola kuti azibweza pang'onopang'ono, kapena kutuma masherifu kukalanda katundu. Akanyozera lamulo la khoti n'kugwidwa, gawo 42 la Malamulo Aakulu limamupatsa ufulu wouzidwa chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, woonana ndi loya, ndiponso wokatsutsa kumangidwako kukhoti.

Ku Mbenji: Pachilumbachi, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira m'boma la Salima, usodzi umatsekedwa kuyambira Disembala mpaka Epulo. Msodzi amene anakongola ndalama za ukonde wa chilimira kapena mafuta a injini sapeza utaka wogulitsa nyengo imeneyi, ndipo akhoza kutchula zimenezi kwa majisitireti popempha nthawi yobwezera.

Mawu ogwirizana nawo: chisamani, kunyoza khoti, chikole, katapira.