Utsogoleri wa Mgwirizano pa Zaumoyo Mumzinda wa Mzuzu

Utsogoleri wa mgwirizano ndi kayendetsedwe ka ntchito zaumoyo komwe boma, mipingo ndi mabungwe amagawana udindo ndi kumanga mfundo limodzi. Ku Mzuzu zimenezi zimaoneka bwino chifukwa zipatala zake zili ndi eni osiyana. Mzuzu Central Hospital, yomwe imalandira odwala otumizidwa kuchokera m'chigawo chonse cha kumpoto, ili pansi pa Unduna wa Zaumoyo. Zipatala zing'onozing'ono zimayang'aniridwa ndi ofesi ya zaumoyo ya Mzimba North, pomwe St John's Hospital ndi ya mpingo wa Katolika, ndipo ndi membala wa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo. A St John of God amathandiza odwala matenda a ubongo.

Mgwirizanowu unayesedwa kwambiri mu 2008. Dziko la Taiwan ndilo linathandiza kumanga chipatala chachikulu cha Mzuzu Central, chomwe chinatsegulidwa mu 2000, ndipo madokotala a ku Taiwan ankathandiza pa Rainbow Clinic, polandirira ma ARV. Malawi atathetsa ubale ndi Taiwan n'kupalana ubwenzi ndi China, madokotalawo anachoka. Odwala sakanadikira kuti ndale zikhazikike, choncho anamwino ndi madokotala a Chimalawi anasenza ntchitoyo, ndipo ulemu wake ngwawo. Bungwe la Luke International linapitiriza kuthandiza kusunga mbiri za odwala pa kompyuta.

COVID-19 mu 2020 ndi kolera wa 2022 zinakokeranso pamodzi khonsolo ya mzinda, Northern Region Water Board, mafumu ndi alangizi a zaumoyo, pa nkhani ya katemera, madzi ndi ukhondo m'misika.