Gogodera: Mfuti Yakale ndi Nkhondo za m'Mapiri a Dedza

Pa maliro a mfumu kapena pa tsiku lolonga ufumu, kulira kwa mfuti ya gogodera kunkadziwitsa midzi yonse kuti pachitika chinthu chachikulu. Lero mfuti zoterezi zatsala zowerengeka, zina zili patsindwi, zina zadyedwa ndi dzimbiri kuseri kwa nkhokwe. Komatu iliyonse mwa izo inayenda ulendo wautali isanafike ku Linthipe, ndipo ulendowo ndi gawo la mbiri ya dera lino.

Zina mwa mfuti zakale zofika kuno zinali zoyaka ndi mwala: kamwala kankakhula chitsulo, nthethe n'kugwera pa wonga. Mvula ikagwa zinkakana kulira. M'chaka cha 1807 m'busa wa ku Scotland, Alexander Forsyth, analembetsa njira yoyatsira wonga ndi mankhwala ophulika akamenyedwa. Nzeru imeneyi ndiyo inabala fataki, kachipewa kakang'ono ka mkuwa kovekedwa pa kamphuno ka mfuti. Woomba ankathira wonga kukamwa kwa mfuti, kuponyamo chipolopolo, kusinja ndi kamtengo kachitsulo, kuveka fataki, kenako n'kuomba.

Yotchuka mwa mfuti za fataki inali Enfield ya 1853, ya asilikali a ku Britain. M'kati mwa mpope wake munali mizere itatu yopota, yozunguza chipolopolo kuti chiwongoke ndi kufika patali. Msilikali wozolowera ankaomba katatu pa mphindi imodzi. Inagwira ntchito pa nkhondo ya ku Crimea, ndipo ku India mu 1857 mphekesera yakuti timapepala ta wonga wake tinapakidwa mafuta a ng'ombe ndi a nkhumba inathandiza kuutsa asilikali achihindu ndi achisilamu. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, kuyambira 1861 mpaka 1865, mbali zonse ziwiri zinaigula yambirimbiri.

Ulemerero wake sunakhalitse. Mu 1866 Britain inayamba kusintha mfuti zake kuti zizilongedwa chakumbuyo, ndipo mu 1871 inasankha Martini-Henry. Maiko ena a ku Ulaya anachita chimodzimodzi. Mfuti zakalezo zinagulitsidwa motchipa, n'kutsikira pa madoko monga Zanzibar ndi Quelimane, pamodzi ndi zina zopangidwira malonda ku Birmingham ndi ku Liège. Kuchokera kumeneko amalonda achiswahili, achiyawo ndi achikunda anazisenza kulowa nazo kumtunda, kusinthanitsa ndi minyanga ya njovu komanso anthu. Chitsulo chimene Ulaya anachitaya chinasanduka mtengo wa mwana wa munthu.

Nthawi imeneyo dera la Dedza linali pakati pa mphamvu zingapo. Angoni a Maseko, okhazikika chakuphiri la Domwe, ankadalira nthungo ndi chishango. Ayawo, monga a Tambala kumapiri a chakum'mawa ndi a Mponda kumwera kwa nyanja, anali ndi mfuti ndi wonga. Achewa ambiri anamanga malinga kapena kukwera m'mapiri, monga anachitira anthu a Mazengera pa phiri la Nkhoma. Mfumu yokhala ndi mfuti inkatha kuteteza anthu ake, koma kuti ipeze wonga inkayenera kupereka minyanga kapena akapolo. Motero chida chotetezera mudzi umodzi chinkapasula mudzi wina.

Inkosi Chikuse atamwalira mu 1891, nkhondo inabuka pakati pa mwana wake Gomani ndi Kachindamoto, mwana wa Chifisi. Pa nkhondoyi mfuti za Ayawo othandizana ndi Angoni zinali ndi gawo lalikulu. Pomaliza Kachindamoto anatsikira kunyanja, kumene ufumu wake uli mpaka lero ku Mtakataka. M'chaka chomwecho cha 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Britain. Pangano la ku Brussels la 1890 linali litaletsa kale kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, choncho asilikali a Harry Johnston anabwera ndi mfuti zolongera kumbuyo ndi mizinga, pamene mafumu anatsala ndi gogodera. Mlozi anagonjetsedwa ku Karonga mu December 1895, linga la Tambala linagwa pasanapite nthawi, ndipo Inkosi Gomani anaphedwa mu October 1896. Kuyambira pamenepo gogodera inatsala ya alenje, yopirikitsira nguluwe m'minda ndi yolemekezera mafumu, amisiri osula zitsulo akuikonza ikathyoka.

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amasonkhanitsa mfuti zoterezi. Amayang'ana chizindikiro cha chisoti chachifumu, mawu akuti Tower ndi chaka chodindidwa pachitsulo cha m'mbali. Zizindikirozo zimanena kumene mfuti inapangidwa, koma sizinena amene anaigula, mtengo umene analipira, ndi nkhondo imene inaona. Zimenezo amazidziwa ndi agogo a m'banja losunga mfutiyo. Ikagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha kapena kwa mlendo wodutsa pamsewu wa M1, dzina la mwini wake limapita nayo.

Banja limene lili ndi gogodera likumbukire zinthu zitatu. Choyamba, mfuti yakale ikhoza kukhala ndi wonga m'kati ngakhale patapita zaka zambiri, choncho isayesedwe kapena kuyandikizidwa kumoto. Chachiwiri, malamulo a dziko amafuna chilolezo chosungira mfuti, ndipo amateteza zinthu zakale kuti zisatuluke m'dziko mwachisawawa; apolisi ndi nthambi ya boma yoona zosunga zakale ndiwo oyenera kufunsidwa. Chachitatu, isapalidwe mpaka zizindikiro kufufutika, ndipo mbiri yake ilembedwe akuluakulu oidziwa akadali moyo.

Zojambula za m'mapanga a Chongoni zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006 chifukwa mibadwo inazisamala. Gogodera nayo, ngakhale imakumbutsa misozi, ndi mboni ya zimene makolo a dera lino anapirira, ndipo iyenera kusungidwa pamodzi ndi maina awo.