Tsiku limene amayi anatsikira kunyanja

Chaka chatha pa Tsiku la Anakubala ndinati nanenso ndichiteko zomwe anzanga amachita, kutenga amayi kupita nawo kunyanja. Koma amene munafikako ku Senga Bay kapena ku Mangochi pa 15 Okutobala mukudziwa mmene kumakhalira. Magalimoto amachita kusefukira mpaka kumsewu, zimkuzamawu zitatu kulimbirana nyimbo, ndipo mwana ukangomuchotsa maso pang'ono mtima uli m'mwamba. Ine ndili ndi ana awiri aang'ono, komanso amayi anga ndi a Mvano, phokoso la mtundu umenewo sagwirizana nalo. Mnzanga wina wakuntchito ndiye anandiuza kuti, "Iwe, ingopitirira Salima. Ku Nkhotakota mchenga ndi womwewo, koma anthu kulibe."

Tinanyamuka ku Lilongwe m'bandakucha, ine, mayi a kunyumba, ana ndi agogo awo. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 200 ukadzera ku Salima n'kulowa msewu wa M5. Titawoloka mlatho wa pa Chia, pomwe anyamata amakukupizira nsomba m'mwamba kuti uime, tinayendako pang'ono n'kupatuka tisanafike paboma. Kamsewu kafumbi kanatidutsitsa m'minda ya chinangwa mpaka tinangozindikira nyanja ili pamaso pathu.

Mnzanga uja sananame. Gombe lonse linali lathu, kupatula asodzi atatu amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo ndi amayi awiri otsuka mapoto chapatali. Madzi anali phee, osaya, oti mwana wa zaka zisanu amayenda kamtunda ndithu asanamufike m'chiuno. Mwini malo anangotichenjeza kuti tisayandikire mabango, kuopa likodzo ndi ng'ona, basi. Ana anathamangira m'madzi zovala zili m'thupi.

Amayi anayala chitenje pamthunzi, n'kukhala, nsapato osavula.

Poyamba ndinkati ndi manyazi a anthu akuluakulu. Amayi kwawo ndi ku Ntchisi, ndipo kumapiri akwawoko, mvula ikagwa kumwamba n'kuyera, nyanja imaoneka patali ngati lata latsopano. Zaka zawo zonse akhala akuiona choncho, koma tsiku limenelo n'kuti kali koyamba kuiyandikira. Ine ndinkaganiza kuti chinkawalepheretsa ndi ndalama. Nditawanyengerera kachitatu kuti angoviikako mapazi, anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, kuti ana asamve:

"Iwe, agogo anga ankati kunyanja n'kopita, si kobwerera."

Ndinaseka, kuyesa akunena za mafunde. Iwo sanaseke. Anandiuza kuti amayi awo a agogo awowo anali ndi mlongo wawo, kamnyamata kongoyamba kumene kupita kudambwe. Tsiku lina anamutenga anthu, kutsika naye kunyanja, ndipo sanaonekenso. Ndinafunsa ngati inali nkhondo ya Angoni. Anapukusa mutu. "Sanagwidwe pankhondo ayi. Anamupereka atsibweni ake omwe, kulipira mlandu." Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala mwana wawo, nkhani imeneyi ndinaimva tsiku limenelo, titakhala pamchenga womwe ndinasankha chifukwa choti ndi wabata.

Za ukapolo ku Nkhotakota tonse tinaphunzira kupulayimale. Tinaloweza dzina la Jumbe pamodzi ndi la Mlozi wa ku Karonga, tinakhoza mayeso, n'kuiwala. Chomwe sindinachiganizepo n'chakuti anthu ogwidwawo ankachokera kwinakwake, m'midzi yokhala ndi mayina, ndipo wina mwa midziyo ndi wathu.

Mbiri yake ili motere. Cha m'ma 1840 kunafika Mswahili wina wochokera kugombe la nyanja ya mchere, dzina lake Salim bin Abdallah. Anapempha malo kwa mfumu ya Achewa, Malenga, ndipo anapatsidwa. Anabwera ngati wamalonda, wofuna minyanga ya njovu, atanyamula nsalu, mikanda ndi mfuti. Udindo wake unkatchedwa Jumbe, ndipo dzinali linapitirira kwa atatu amene anamulowa m'malo. Mudzi wake anauzinga ndi mpanda wolimba, n'chifukwa chake mpaka lero dera lakale la tauniyi limatchedwa Linga.

Nanga anasankhiranji pamenepa, nyanja yonseyi kutalika kwake? Mukadzafika kudoko la Nkhotakota mudzayang'ane kumadzi. Kuli kamtunda kamchenga kotchedwa Sungu komwe kanalowa m'nyanja n'kutchinga mafunde, moti ngakhale mwera utavuta, kuseri kwake madzi amakhala ogona. Ndi malo abwino oimikapo zombo. Apa m'pamene zinandifika pamtima. Ine ndinayenda makilomita 200 kufunafuna madzi ofatsa oti ana anga asewerepo. Salim bin Abdallah nayenso ankafuna madzi ofatsa, oti akwezepo ana a eni.

Zombo zake zinali zamatabwa, zoyenda ndi thanga, zopangidwira pomwepo. Anthu ankasungidwa m'linga mpaka achuluke, kenako n'kuwapanikiza m'chombo kuwolokera tsidya lija, dziko lomwe lero ndi Mozambique. Kuchoka apo unali ulendo wapansi wa miyezi, goli lili m'khosi, ena atasenza minyanga, mpaka ku Kilwa. Ofooka ankasiyidwa panjira. David Livingstone analemba zomwe anauzidwa ndi kazembe wa Britain ku Zanzibar, kuti anthu 19,000 ochokera kudera la nyanja yathuyi ankadutsa pachilumbacho chaka chilichonse. Amenewo ndi okhawo amene anafika amoyo n'kuwerengedwa.

Pali mbali ina imene aphunzitsi athu ankaidutsa mothamanga, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Jumbe sakanatha kugwira anthu onsewo yekha. Inali nthawi ya chipwirikiti, Angoni akuthira nkhondo midzi ya kumtunda, ndipo Achewa ambiri anathawira kwa Jumbe yemweyo kuti awateteze, poti ndiye anali ndi mfuti. Mafumu ena anagwirizana naye. Ena ankagulitsa anthu ogwidwa kunkhondo, ena olakwa milandu, ena ana amasiye opanda wowalankhulira. Mwini mbumba, yemwe mwambo wathu unamupatsa udindo wosunga ana a mlongo wake, nthawi zina ndiye ankasankha woti apite. Nkhani ya amayi ija si yachilendo m'mbiri imeneyi. Chachilendo n'chakuti inasungika mpaka kufika kwa ine, chifukwa mabanja ambiri anaikwirira, ena pochita manyazi kuti kwawo kunagulitsidwa munthu, ena kuti kwawo kunagulidwa munthu.

M'mawa mwake tinalowa m'tauni. Ndinkafuna amayi aone mkuyu wotchuka uja, womwe uli pafupi ndi mishoni ya Anglican, pomwe amati Livingstone anakhala pansi ndi Jumbe mu 1863. Mtengowo ulipodi, waukulu, mthunzi wake wokwana msonkhano wa mudzi wonse. Alendo amauzidwa kuti apa m'pamene mzungu anadzudzula malonda a anthu.  Koma iye mwini analemba kuti anapeza Aluya ali kalikiliki kukhoma chombo chatsopano cholowa m'malo mwa china chomwe chinasweka. Iye atachoka, chombocho chinamalizidwa. Msika wa akapolo ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, koma kuno zombo zinapitirizabe kuwoloka. Ndikawerengera mibadwo ya kwathu, kamnyamata ka ku Ntchisi kaja kanatsika phiri patapita zaka makumi awiri kapena kuposerapo chichitikireni msonkhano wa pansi pa mkuyuwo.

Chomwe chinathetsa ufumu wa Jumbe ndi ndale ndi mfuti. Mu 1889 Harry Johnston anapangana ndi Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, kuti alandire mbendera ya Britain ndipo azipatsidwa ndalama chaka ndi chaka. Dziko linalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891. Jumbe ameneyu atamwalira mu 1894, womulowa m'malo sanakhalitse, pofika 1895 anali atachotsedwa n'kutumizidwa ku Zanzibar. Azungu aja ankalemba dzina la malowa kuti Kota Kota, n'kuyamba kutolera msonkho. Kunena zoona, amene anapulumuka goli anakumana ndi thangata, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Pafupi pomwepo pali tchalitchi cha All Saints, momwe munaikidwa Bishopu Chauncy Maples. Iyeyu anamira m'nyanja mu Seputembala 1895, ngalawa yake itagubuduzika ndi mphepo, atangodzozedwa kumene ubishopu. Manda ake ndi osamalidwa, dzina lake linalembedwa, ndipo sitima yomwe inayamba kuyenda panyanjayi mu 1901 inatchedwa dzina lake. Sindikumuchitira nsanje munthu wakufa. Koma nditaima pamenepo ndinaganiza kuti munthu mmodzi womira ali ndi manda, tsiku ndi sitima, pamene anthu zikwizikwi amene anawoloka madzi omwewo atamangidwa alibe ngakhale mwala wolembapo mayina awo. Mu 2011 dziko lathu linapereka njira za akapolozi ku UNESCO kuti ziganiziridwe kukhala malo a mbiri ya dziko lonse lapansi. Ukafika pamalopo wekha, popanda wokulozera, ukhoza kudutsa osadziwa kuti wadutsa chiyani.

Ndisakunamizeni kuti Nkhotakota ndi tauni yachisoni. Anthu ali pa ntchito zawo, akabaza akuimba mabelu, mzikiti ukuitana, tchalitchi chikuyankha. Mpunga wa faya womwe amati unabwera ndi Aswahili omwewo ukununkhira pamsika, ndipo amayi anagula ndowa yathunthu atanenerera mtengo mpaka wogulitsa anagwira pakamwa. Anthu a ku Linga lero ndi zidzukulu za onse: za obwera ndi zombo, za othawira m'linga, za ogwidwa amene sanawoloke n'kukwatiwa pomwepo. Palibe amene ungamuloze chala. M'tauni yomweyi ndi momwe chipani cha Malawi Congress chinachitira msonkhano wake waukulu mu 1960, pomwe Kamuzu anapatsidwa utsogoleri wa chipanicho wa moyo wake wonse. Katauni kooneka kogona, koma zinthu zikuluzikulu zakhala zikuyambira pamenepa.

Madzulo tinabwerera kugombe kwathu kuja. Mwana wanga wamkulu, wa zaka zisanu ndi zinayi, anali atamva zambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Ali m'madzi mpaka m'mawondo anandifunsa kuti, "Adadi, ndiye anthu aja ankakwerera pompano?"

Ndinamuuza kuti ayi, ankakwerera kudoko kuja tinapita m'mawa.

"Koma madzi ake ndi omwewa?"

Ndinasowa chonena. Mayi ake anandiyang'ana ndi diso londiuza kuti ndamuonongera mwana tchuthi. Mwina n'zoona. Mpaka pano sindidziwa msinkhu woyenera kumuuza mwana kuti m'banja mwake munagulitsidwa munthu, ndiponso kuti wogulitsayo anali wa m'banja momwemo. Amayi anadikira mpaka ine nditamera imvi zoyamba. Agogo awo anangowapatsa chiletso, osapita kunyanja, chifukwa chake n'kudzawauza atakula.

Amene anayankha ndi agogo ake. Anadzuka pachitenje paja, kwa nthawi yoyamba chifikireni, n'kuyenda mpaka pomwe mchenga umayamba kunyowa. Anaitana mmodzi wa asodzi aja. "Bambo, pepani, tsidya lake ndi uti?" Msodziyo analoza kum'mawa. Kunalibe choona, mwezi wa Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umaphimba chilichonse, madzi ndi mtambo zinangolumikizana. Anafunsanso ngati munthu angawoloke pa bwato. Msodziyo anati alipo amene amawoloka pa maboti a injini, koma iye sanayeserepo. Amayi anathokoza, n'kuimabe pomwepo nthawi yaitali, manja kumbuyo, nsapato zili kuphazi. Kafunde kena kanafika n'kunyowetsa nsonga za nsapatozo, iwo osasuntha. Kenako anatembenuka n'kukalipira ana kuti atuluke, kwada, adwala chimfine.

M'madzi sanalowe, ndipo sindinawakakamizenso.

Pobwerera, titadutsa Benga, galimoto ili zii, ndinamva akulankhula ndi mdzukulu wawo kumpando wakumbuyo. Ankamuuza dzina la kamnyamata kaja. Ine ndinali ndisanafunse n'komwe ngati dzinalo likudziwika. Anati agogo awo ankalitchula kamodzi pachaka, pothira nsembe ya ufa, asanalowe Chikhristu n'kusiya. Sindililemba pano, amayi anati ndi la pabanja. Mwana uja anabwereka foni ya mayi ake, n'kufunsa agogo ake kuti alitchulenso pang'onopang'ono, kuti alilembe bwino.